Opaleshoni yochotsa chotupa cha m'mutu kudzera m'mphuno: kodi tivomere?

Mwinimbumba wa ku Thondwe analemba kuti:

Ndikupempha nzeru kwa amene amadziwa za chipatala, komanso kwa aliyense amene anakumanapo ndi zimene banja lathu likukumana nazo masiku ano. Mlongo wanga, mayi wa zaka 38 amene amagulitsa zitenje pamsika, wakhala akudandaula mutu kwa chaka ndi miyezi ingapo, ndipo anasiya kusamba kalekale ngakhale kuti si woyembekezera. Chimene chinatidzidzimutsa kwambiri ndi maso ake. Anayamba kumadzigunda pafelemu la chitseko polowa m'nyumba, ndipo tsiku lina wakabaza anatsala pang'ono kumuomba chifukwa sanamuone pamene ankachokera cham'mbali, chonsecho zinthu za patsogolo pake amaziona bwinobwino, mpaka ulusi amaulowetsa yekha pasingano. Tinamugulira magalasi kawiri konse koma sanathandize kanthu. Dokotala wa maso ndi amene anatiuza kuti vuto silili m'maso, n'kutitumiza kuti tikajambulitse mutu ndi makina a MRI.

Zithunzizo zinaonetsa chotupa cha masentimita pafupifupi 3 pakachiwalo kotchedwa pituitary, kunsi kwa ubongo, ndipo akuti chotupacho chikupanikiza mitsempha ya maso. Dokotala wa opaleshoni ya ubongo anatiuza kuti zotupa zambiri za pamalo amenewa sizikhala khansa, koma cha mlongo wangachi chiyenera kuchotsedwa maso asanafe. Anawonjezera kuti sadzatsegula chigaza, koma adzalowera m'mphuno ndi kachipangizo kokhala ndi kamera.

Mawu amenewa ndi amene agawa banja. Mayi athu akufunsa kuti munthu angafike bwanji kuubongo podzera m'mphuno momwe ngakhale chala sichilowa chonse. Malume akuti opaleshoni yeniyeni ya mutu amameta tsitsi n'kutsegula chigaza kuti dokotala aone bwino chimene akudula, ndiye akuopa kuti mwina akufuna kuphunzirira pa mwana wawo. Msuweni wathu wa ku Joni naye akuti tisafulumire chifukwa kunja kuli makina a laser amene amapsereza chotupa popanda kucheka paliponse. Onsewa akuyang'ana ine kuti ndigamule. Kodi njira ya m'mphunoyi ndi yodalirika, kapena ndi yachidule chabe imene imasiya chotupa m'kati? Nanga za laser zimene akunena msuweni wathuzi n'zoona?

Namwino wa ku fiyeta, Britain, anayankha kuti:

Pepani ndi matendawa, achimwene. Ndimagwira ntchito m'chipinda cha opaleshoni ya ubongo kuno ku Britain, ndipo opaleshoni imene mukufunsayi ndaionerera kambirimbiri nditaima pambali pa madokotala n'kumawapatsira zipangizo. Ndiyambe ndi funso la mayi anu, chifukwa ndi funso lanzeru. Ikani chala pakati pa nsidze zanu, chala china pambali pa mutu kutsogolo pang'ono kwa khutu, ndipo muyerekeze pamene mizere yochokera pa zala ziwirizi ingakumanire m'kati. Chakumeneko ndi kumene kuli pituitary, kachiwalo kakang'ono ngati njere ya nsawawa, kamene kamakhala m'kachikho ka fupa pansi pa ubongo. Pansi pa kachikhoko pali mphako ya mpweya yotchedwa sphenoid sinus, ndipo mphakoyi imatsegukira kumbuyo kwa mphuno. Choncho wolowera m'mphuno amadutsa m'malo amene muli mpweya wokhawokha, n'kuboola kafupa kopyapyala, basi wafika pachotupa asanakhudze ubongo. Wolowera pamwamba, monga akufunira malume, ayenera kucheka fupa la chigaza, kunyamula ubongo pang'ono ndi kudutsa pakati pa mitsempha ya maso yomweyo imene mukufuna kuipulumutsa. Pa chotupa cha malo amenewa, njira ya m'mphuno ndiyo yaifupi ndiponso yowongoka.

Pamwamba penipeni pa pituitary ndi pomwe mitsempha ya maso awiri imapingasana, ndipo timitsempha timene timadutsa pamphambanopo ndi timene timanyamula zimene munthu amaona cham'mbali. N'chifukwa chake mlongo wanu amalowetsa ulusi pasingano koma wakabaza osamuona. Magalasi sakanathandiza.

Muwauzenso malume kuti njirayi si yatsopano ayi. Dokotala wina dzina lake Hermann Schloffer anachotsa chotupa cha pituitary kudzera njira ya kumphuno mumzinda wa Innsbruck mu 1907, ndipo Harvey Cushing wa ku America anachita maopaleshoni ambiri otere m'zaka zotsatira. Njirayi inazilala kwa kanthawi chifukwa kunalibe nyali yowala mokwanira kuunikira m'dzenje lakuya chotero, koma Jules Hardy wa ku Montreal anaitsitsimutsa m'zaka za m'ma 1960 pogwiritsa ntchito maikulosikopu. Mu 1997 madokotala a ku Pittsburgh, Hae-Dong Jho ndi Ricardo Carrau, anafalitsa zotsatira za odwala 50 amene anawachita opaleshoniyi ndi endoscope yokha, kachipangizo kokhala ndi kamera kaja, ndipo lero m'zipatala zambiri imeneyi ndiyo njira ya masiku onse.

Endoscope ndi kachitsulo kowongoka, kochepa kuposa pensulo, kamene m'mimba mwake ndi mamilimita 4, ndipo kunsonga kwake kumatuluka kuwala. Zimene kakuona zimaoneka pasikirini yaikulu, zitakuzidwa kwambiri. Kuno nthawi zambiri pamakhala madokotala awiri, wa mphuno ndi wa ubongo. Wa mphuno amatsegula njira, kenako amagwira endoscope ndi kumatsuka galasi lake magazi akalidetsa, pamene wa ubongo akugwira ntchito ndi manja onse awiri, tizipangizo tikulowera m'mabowo a mphuno. Wodwala amakhala atagonetsedwa ndi mankhwala, samva kalikonse. Chimene chinandidabwitsa tsiku langa loyamba ndi kufewa kwa chotupacho. Ndinkayembekezera chinthu cholimba ngati mbatata, koma dokotala atangong'amba nembanemba yokuta malowo, chotupa chinayamba kutuluka chokha ngati phala lotuwira, iye n'kumachikokolola ndi kachitsulo kokhala ndi mphete kunsonga, kwinaku akuchiyamwa ndi kapaipi. Chikatha, kanembanemba kamene chotupa chinakakankhira m'mwamba kamatsika pang'onopang'ono, kakugunda motsatira mtima, ndipo aliyense m'chipindamo amadziwa kuti mitsempha ya maso yapepukidwa. Ntchito yonse imatenga maola awiri mpaka anayi ngati palibe chovuta.

Komabe sindikufuna kuti muganize kuti khomo likachepa ndiye kuti opaleshoni nayo yachepa. Kumanzere ndi kumanja kwa pituitary kumadutsa mitsempha iwiri ikuluikulu yopititsa magazi kuubongo, ndipo ngakhale kuti kuivulaza sikuchitikachitika, kukachitika imakhala ngozi yoopsa. Chimene timachiona kawirikawiri ndi kudontha kwa madzi a muubongo ngati kanembanemba kaja kabooka. Zikatero madokotala amatenga timafuta pamimba kapena pantchafu pa wodwala n'kutseka bowolo, nthawi zina n'kuphimbapo ndi kachikopa ka m'kati mwa mphuno kamene kamasiyidwa kali kolumikizika kumtsempha wake kuti kasafe. Choncho musadzadabwe mlongo wanu akadzatuluka ku fiyeta ndi kabala pafupi ndi mchombo pamene anakachitidwa opaleshoni ya m'mutu.

Funso langa kwa inu ndi lakuti, kodi anamuyeza magazi kuti aone mahomoni amene pituitary imatulutsa, makamaka yotchedwa prolactin, imene imachititsa mabere kutulutsa mkaka? Ndafunsa chifukwa mwanena kuti anasiya kusamba.

Mayi wa anyamata atatu anayankha kuti:

Bambo a ku Thondwe, ine si wachipatala, koma opaleshoni imeneyi inachitika pamutu panga pomwe, ku India, zaka zingapo zapitazo, ndiye ndikuuzani zimene mlongo wanu ndi gadiyani wake ayenera kukonzekera. Changa chinali chotupa cha mtundu wina, chimene chimachulukitsa homoni yokulitsa thupi. Mphete ya ukwati inachita kudulidwa pachala, nsapato ndinkasintha saizi chaka ndi chaka, ndipo anthu amene anali atatenga nthawi osandiona ankati nkhope yanga yasintha, ine osazindikira kanthu.

Nditatsitsimuka, chimene chinandisautsa si ululu, chifukwa mutu unkangowawa ngati wa chimfine chachikulu. Chinandisautsa n'chakuti m'mphuno anali atatsekamo, ndiye usiku wonse ndinkapumira pakamwa mpaka kukhosi kunauma gwa. Tsiku lachiwiri ndinayamba ludzu limene sindinalionepo chibadwire. Ndinkamwa botolo la madzi ozizira n'kupempha lina nthawi yomweyo, ndipo mkodzo unkangotuluka wambirimbiri, woyera ngati madzi a pampopi. Anamwino anapatsa mchemwali wanga jagi yokhala ndi manambala ndi pepala kuti azilemba madzi onse amene ndamwa ndi mkodzo wonse umene ndataya, usana ndi usiku. Anatifotokozera kuti mbali ya kumbuyo ya pituitary imatulutsa homoni imene imauza impso kuti zisunge madzi, ndipo ikagwedezeka pa opaleshoni imayamba yaleka ntchito. Anandipatsa mankhwala otchedwa desmopressin, ndipo patapita masiku ochepa vutolo linatha lokha. Gadiyani wa mlongo wanu akhale munthu wodziwa kulemba ndi kuwerenga manambala, komanso wosagona tulo tofa nato.

Anandiletsa kumina kwa milungu ingapo, kunyamula katundu wolemera, kuweramira pansi ndiponso kudzikakamiza kuchimbudzi, moti anandipatsa mankhwala ofewetsa m'mimba. Anati ndikafuna kuyetsemula ndizitsegula pakamwa. Kwa mayi wa kwathu kuno malamulo amenewa ndi ovuta kuwasunga, pakuti ndowa ya madzi, mtolo wa zitenje, kusesa ndi kuchapa, zonse zimafuna kuwerama kapena kusenza. Mukonzeretu munthu woti adzamugwirire ntchito zimenezi, chifukwa popeza sadzakhala ndi bala looneka, anthu adzayamba kunena kuti wachira pamene m'kati simunapole. Anandichenjezanso kuti ndikaona madzi oyera akudontha m'mphuno, makamaka ndikaweramitsa mutu, kapena ndikamva kukoma kwa mchere kukhosi, ndithamangire kuchipatala, chifukwa pamene madzi a muubongo akutulukira ndi pomwenso tizilombo toyambitsa matenda oumitsa khosi tingalowere.

Dandaulo langa ndi limodzi. Ponditulutsa anandipatsa mapiritsi a hydrocortisone, olowa m'malo mwa homoni yotchedwa cortisol, m'kabotolo, koma palibe amene anakhala nane pansi kundifotokozera kuti mankhwalawa sasiyidwa mwadzidzidzi. Atatha ndili kumudzi ndinangoti ndachira, ndipo patapita masiku awiri ndinafooka, kusanza, kulephera ngakhale kudzuka pamphasa. Anandipulumutsa ndi dokotala wina amene atawerenga kalata yanga ya ku India anazindikira msanga chimene chinkachitika. Musadzachoke kuchipatala musanamvetse kuti mankhwala aliwonse ndi a chiyani, adzamwedwa mpaka liti, ndiponso kuti akatha mudzawapeza kuti.

Maso anga analibe vuto kuyambira pachiyambi, ndiye za kubwerera kwa maso sindingazichitire umboni.

Dokotala wa m'boma anayankha kuti:

Zimene alemba amayi awiriwa ndikugwirizana nazo, ndipo ine ndiyankhe za msuweni wanu, chifukwa wasakaniza zinthu ziwiri zosiyana. Laser yochizira zotupa za muubongo ilipodi. Amaboola kabowo ka mamilimita ochepa pachigaza, n'kulowetsa kachingwe kowonda mpaka pakati pa chotupa, kenako amachitenthetsa wodwala ali m'makina a MRI amene amaonetsa mmene kutentha kukufalikira. Imathandiza pa zotupa zing'onozing'ono zimene zili m'kati kwambiri mwa ubongo, koma si njira imene madokotala amasankha pa chotupa chimene chagundana ndi mitsempha ya maso, pakuti kutentha sikusankha chotupa ndi mtsempha. Chinthu chachiwiri, chimene ndikuganiza kuti ndicho msuweni wanu anamva, ndi makina monga Gamma Knife, amene Lars Leksell wa ku Sweden anayamba kuwagwiritsa ntchito mu 1968. Dzina lake limatchula mpeni koma mulibe mpeni. Ndi cheza champhamvu chochokera mbali zambirimbiri chimene chimakumana pamalo amodzi. Cheza chimenechi sichichotsa chotupa tsiku lomwelo. Chimachiletsa kukula, ndipo ngati chifota, chimafota pakapita miyezi kapena zaka. Chimafunanso kuti pakhale kampata pakati pa chotupa ndi mitsempha ya maso. Mlongo wanu kampata kameneko alibe, ndiponso maso ake sangadikire zaka. Makina amenewa angadzagwire ntchito m'tsogolo ngati kachidutswa ka chotupa katsalira pamalo ovuta kufikapo, osati panopa.

Malume anu sakulakwa kotheratu, ndipo ndikufuna kuti owerenga ena amve bwino pamenepa, chifukwa ndimalandira anthu amene amabwera atamva za njira ya m'mphuno n'kumaifuna pa chotupa chilichonse. Chimene chimasankha njira ndi malo amene chotupa chili, kukula kwake ndi kulimba kwake. Zotupa zina za kutsogolo, pansi pa ubongo, amazifikira pocheka pansidze n'kutsegula kafupa kakang'ono, njira imene Axel Perneczky wa ku Mainz anaitchukitsa, ndipo chipsera chimabisika m'nsidzemo. Zina zimene zili m'mphako za madzi pakati pa ubongo amazichotsa ndi endoscope kudzera pakabowo kamodzi pachigaza. Chipangizo cha mtundu womwewo n'chimene madokotala a ku Queens ku Blantyre amachigwiritsa ntchito potsegulira njira madzi mwa ana otupa mutu. Koma chotupa chachikulu cha pamwamba pa ubongo, kapena cholimba chodzadza ndi mitsempha ya magazi, kapena chimene chalowerera m'minofu ya ubongo popanda malire ooneka, chimafuna kutsegula chigaza mokwanira, ndipo dokotala amene angaumirire kabowo kakang'ono pamenepo ndiye kuti akusamala chipsera m'malo mosamala wodwala. Ngakhale pa pituitary pomwepo, chotupa chikakhala kuti chakhotera kwambiri kumbali, nthawi zina amalowera pamwamba. Kuno kwathu tiyeneranso kukumbukira kuti si chilichonse chooneka ngati chotupa pasikani chimene chili chofunika mpeni, chifukwa TB imapanganso zotupa muubongo zimene zimasungunuka ndi mankhwala.

Funso la a Namwino la prolactin ndi lofunika kwambiri. Chotupa cha pituitary chimene chimatulutsa homoni imeneyi chimafota ndi mapiritsi a cabergoline kapena bromocriptine, ndipo maso amatha kuyamba kubwerera popanda opaleshoni. Koma pali msampha. Chotupa chachikulu cha mtundu wina chikapanikiza kaphesi kolumikiza pituitary ndi ubongo, prolactin imakweranso pang'ono ndipo mayi amasiya kusamba, chonsecho mapiritsi aja sangachifotetse. Chotupa cha masentimita 3 chimene chikutulutsadi prolactin chimaikweza kwambiri zedi, osati pang'ono. Choncho musangomva kuti yakwera, funsani kuti yakwera motani. Ayezenso cortisol ndi mahomoni a chithokomiro opaleshoni isanachitike.

M'malo mofunsa dokotala wanuyo kuti bowo lidzakhala lalikulu bwanji, mufunseni kuti opaleshoni ya m'mphunoyi amaichita kangati pachaka, ngati akuyembekezera kuchotsa chotupa chonse kapena mbali ina idzatsala, ndiponso kuti madzi a muubongo akadzayamba kudontha muli kunyumba mudzapite kwa yani. Dokotala wodziwa ntchito yake sakwiya ndi mafunso amenewa. Mufunsenso za kuyeza mchere wa m'magazi pakadzatha pafupifupi mlungu umodzi opaleshoni itachitika, chifukwa nthawi imeneyo umatha kutsika wodwala ali kale kunyumba, iye n'kuyamba mseru, mutu ndi kusokonezeka maganizo.

Podikira tsiku la opaleshoni, mlongo wanu akadzamva mutu woopsa mwadzidzidzi, kusanza, kuona zinthu ziwiriziwiri, chikope kugwa kapena maso kuchita mdima, musadikire kuti kuche, chifukwa zimatanthauza kuti mwina magazi atayikira m'chotupamo. Ndiponso, bambo, ndikudziwa udindo wa mwini mbumba, koma papepala lovomereza opaleshoni adzasaina ndi mwini wake mutuwo. M'kalata yanu mwatiuza maganizo a mayi, a malume ndi a msuweni, koma a mlongo wanu sitinawamve.

Mwinimbumba wa ku Thondwe analembanso kuti:

Zikomo kwambiri nonse. Adokotala, mawu anu omaliza andichititsa manyazi, ndipo dzulo madzulo ndinakhala naye pansi mlongo wanga. Iye akuti anavomera kale mumtima mwake tsiku lomwe anamva kuti akhoza kuchita khungu, kungoti ankaopa kutsutsana ndi malume pagulu. Ndayang'ananso m'buku lake lachipatala ndipo ndapeza kuti prolactin anamuyeza. Dokotala analemba kuti yakwera pang'ono chabe ndipo si chotupa cha mapiritsi. Malume ndawawerengera zimene analemba a Namwino, mpaka anadziika zala pansidze ndi pakhutu monga munanenera. Sananene kuti avomera, koma afunsa kuti gadiyani adzakhala ndani, ndipo ife amene timawadziwa tamva tanthauzo lake. Funso limene latsala ndi la mlongo wanga mwini: kodi maso ake adzabwerera mmene analili, moti n'kudzayambiranso kuyenda yekha kumsika?

Namwino wa ku fiyeta, Britain, anayankhanso kuti:

Muwauze achemwali kuti odwala ambiri otere amaona kusintha, ena m'masiku oyambirira omwe. Ndimakumbukira bambo wina amene m'mawa mwake anati akundiona nditaima pambali pa bedi asanatembenuze mutu, chinthu chimene anali atalephera kwa chaka chathunthu. Kusinthako kumapitirira pang'onopang'ono kwa miyezi ingapo. Koma kuti maso abwerere onse zimadalira kuti mitsempha yapanikizidwa kwa nthawi yaitali bwanji, chifukwa timitsempha timene tafa kale sitiphukanso, ndipo dokotala wa maso akaunika kumbuyo kwa diso amatha kuona ngati mtsemphawo wayamba kutuwa. Pemphani kuti awayeze mmene akuonera cham'mbali opaleshoni isanachitike, ndipo pepalalo mulisunge bwino kuti mudzakhale ndi poyerekezera. Adzafunikanso MRI ina pakatha miyezi itatu kapena kuposerapo pang'ono kuti aone ngati pali chimene chatsalira, ndiye ndalama yake muyambiretu kuisunga. Kumsika asathamangireko, pamsewu aziyenda ndi munthu kufikira dokotala wa maso atawayezanso.